Kodi ndalakwa kuti chisoni changa ndimapita nacho kudimba?

Funso

Ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala kumudzi m'boma la Zomba. Bambo a kunyumba anatisiya mu June chaka chino titakhala m'banja zaka 34. Chichitikireni maliro, m'nyumba simukhalika. Kukangocha ndimanyamula khasu n'kupita kudimba lathu kumtsinje. Masiku ena sindigwira n'komwe ntchito, ndimangokhala pansi pa mango amene iwo anabzala, kumvera madzi ndi mbalame. Kumeneko n'kumene mtima wanga umatsikako. Nthawi zina ndimawayankhula. Tsopano anthu ayamba kunong'onezana kuti mutu wanga sukuyenda bwino, ndipo ana anga amene ali ku Lilongwe akuti ndisamuke ndikakhale nawo kuti ndiiwale. Kodi zimene ndikuchitazi n'zolakwika? Ndiwamvere anawa?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Zaka 34 si masewera. Munthu amene mwagona naye mphasa imodzi nthawi yaitali choncho akachoka, zimasokonekera ndi zinthu zing'onozing'ono zomwe: ufa woyeza pophika, mbali ya bedi yogona, nthawi yotsegula wailesi.

Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo chizindikiro cha misala. Ndikuona mayi amene wapeza yekha, popanda womuuza, malo amene angathe kupumirako ndi katundu wolemera amene wasenza. Pa ntchito yanga ya uphungu ndimakhala milungu ingapo ndikuyesa kuthandiza anamfedwa kuti apeze malo otere. Inu mwawapeza kale.

Taganizirani chifukwa chimene m'nyumba simukhalika. Mpando wawo uli pomwepo. Jekete lili kuseri kwa chitseko. Kukamada, khutu limayembekezerabe kumva njinga ikutsamiritsidwa pakhonde. Nyumba yonse imakukumbutsani za munthu mmodzi, usana ndi usiku, osapuma. Ndiye pali anthu. Kwathu kuno maliro n'kulirana, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma pakatha kumeta, alendo atabalalika, namfedwa amatsala ndi udindo wina umene palibe amautchula, wokhala namfedwa pamaso pa anthu. Mukaseka, akuti mwaiwala msanga. Mukalira, akuti limbani mtima, mukhumudwitsa ana. Aliyense wodutsa amakupatsani moni wa mawu otsika ndi nkhope yachifundo, inu n'kumayankha zimene akufuna kumva. Kudimba kulibe zimenezo. Mtsinje sukufunsani kuti mwagona bwanji. Mukhoza kulira mpaka mphuno kutuluka mamina, kenaka n'kudzuka kukathirira mpiru, palibe wokuwerengerani.

Kulira kenaka n'kukathirira mpiru kumeneku ndi kumene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mankhwala ali pamenepo. Anthu ambiri anamvapo kuti chisoni chili ndi masitepe asanu, kuyambira kukana mpaka kuvomereza. Maganizo amenewo anachokera kwa dokotala Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, ndipo iye ankafotokoza za odwala amene auzidwa kuti matenda awo sachira. Anthu anangowatenga n'kuwaika pa anamfedwa. Ine sindiwagwiritsa ntchito, chifukwa amachititsa munthu kudziona ngati wolephera mayeso akapeza kuti lero wabwerera pamene anali mwezi watha. Chimene chimagwirizana ndi zimene ndimaona ndi zimene analemba akatswiri awiri a ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, mu 1999. Iwo anati munthu wolira bwino amapita uku ndi uku. Nthawi ina amayang'anizana ndi imfayo, kukumbukira, kulira, kulakalaka. Nthawi ina amaifulatira kaye n'kumasamala za moyo umene watsala, monga chakudya, munda, ngongole, zidzukulu. Amene amangokhala mbali imodzi ndi amene amavutika. Wongolira osadzuka amafooka, ndipo wongotanganidwa osalira chisoni chikhoza kudzamupeza pambuyo pake. Dimba lanu lili ndi mbali zonse ziwiri pamalo amodzi. Pansi pa mango mumakhala ndi bambo. Mukasuntha mapazi khumi, pali bedi la tomato lofuna madzi lero, osati mawa.

Za madzi ndi mbalame zimene mumamverazo nazonso si zachabe. Chimene chimatopetsa namfedwa kwambiri ndi kuganiza kwambiri, maganizo ozungulira pamodzimodzi ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo: ndikanawatengera kuchipatala msanga, ndikanapanda kuwayankha mokalipa tsiku lija. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America anatenga anthu n'kuwagawa pawiri. Ena anayenda mphindi 90 pamalo a udzu ndi mitengo, ena anayenda nthawi yomweyo m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto. Oyenda kumitengo aja anabwerako maganizo ozungulirazungulira atachepa, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsanso kusinthako. Kale mu 1984, Roger Ulrich anayang'ana mafayilo a odwala amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Amene windo lawo linkaonetsa mitengo anatuluka msangako ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankaona khoma la njerwa. Ku England nako, kafukufuku wa mu 2019 wa anthu pafupifupi 20,000 anapeza kuti amene ankakhala maola awiri kapena kuposerapo pa mlungu kumalo achilengedwe ndi amene ankanena kawirikawiri kuti akupeza bwino m'thupi ndi mumtima.

Kunena zoona, kafukufuku ameneyu anachitika pakati pa anthu a m'mayiko olemera, ndipo sanali wa anamfedwa. Nthawi zina ndimaseka ndekha kuti anthu anafunika makina ojambula ubongo kuti atsimikize zimene agogo athu ankachita akakhumudwa, kunyamula mtsuko n'kupita kumadzi ngakhale m'nyumba muli madzi kale. Komabe chifukwa chake n'chomveka. Phokoso la madzi, mphepo m'masamba, pumbwa akulira m'mango, zimakoka maganizo mofatsa popanda kuwakakamiza. Mutu umapeza pogwira pena, koma osatopa. Phokoso la mumsika kapena la pa foni limakokanso maganizo, koma mwankhanza, ndipo munthu amachokapo atatopa kuposa mmene anafikira.

Thupi nalo limapindula, ndipo izi musazipeputse. Miyezi yoyambirira munthu akaferedwa mwamuna kapena mkazi, ngozi ya matenda a mtima imakwera, tulo timasowa, chakudya sichikoma. Kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kudziwa nthawi yogona ndi yodzuka. Kuyenda ulendo wopita ndi wobwera kudimba, kuwerama, kunyamula madzi, kumabweretsa njala ndi kutopa kwabwino kumene kumagonetsa. Ndikanakhala nanu pafupi ndikanangowonjezera kuti muzinyamula kambatata kapena chikondamoyo ndi madzi akumwa, chifukwa October ndi November dzuwa lake mukulidziwa, ndiponso kuti mukayezetse BP kuchipatala chapafupi ngati simunayezetse chichitikireni maliro.

Tsopano za kuwayankhula bambo, zimene ndikuganiza kuti ndi zimene zautsa manong'onong'o. Mu 1971 dokotala wina wa ku Wales, Dewi Rees, anacheza ndi amayi ndi abambo amasiye pafupifupi 300 a m'dera lake. Pafupifupi theka anamuuza kuti anamvapo ngati malemu ali pafupi, ena anawaona, ena anamva mawu awo, ena ankawayankhula. Ambiri anali asanauzepo munthu aliyense poopa kusekedwa, ndipo ambiri anati zinkawatonthoza. Anthu amene anakhala m'banja nthawi yaitali ndi amene zinkawachitikira kwambiri. Masiku ano aphungu sitiuzanso munthu kuti adule chingwe ndi malemu. Ubale umasintha, koma sutha. Ndipo ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo. Makolo athu ankapita pansi pa mtengo wa msolo kukathira nsembe ndi kuuza mizimu za mvula, matenda ndi ana obadwa. Yendani m'midzi yambiri imene mitengo inatha ndi makala ndi kuwotcha njerwa, mukaona kankhalango kobiriwira kataima pakati pa minda, mumadziwa kuti ndi kumanda. Akufa athu tinawasungira mthunzi. Kumanda simungangopitako tsiku lililonse, pamafunika kudziwitsa amfumu ndi eni mbumba. Mango a kudimba ndi anu, anabzalidwa ndi manja awo, ndipo simufunika chilolezo cha munthu. Kuwauza pamenepo kuti mbuzi yabereka kapena kuti mdzukulu wakhoza mayeso, podziwa bwino lomwe kuti anapita, si matenda. Zikanakhala zina mukanamamva mawu okulamulani zochita, okuopsezani, kapena okuitanani kuti muwatsatire. Zotero zikachitika, musazengereze kupita kuchipatala.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikuuzani, ngakhale alaliki ndi olemba amachikonda. Sindinena kuti onani mtengo wodulidwa umaphukanso, inunso mudzaphuka. Chitsa chimaphukadi, koma bambo sabwera, ndipo namfedwa amadziwa kusiyana kwake. Chilengedwe sichinalengedwe kuti chizititonthoza. Amayi a ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje amene amuna awo anakokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 sindingawauze kuti akayang'ane phiri apeze mtendere. Kwa iwo phirilo ndi limene linalanda, ndipo mtambo ukangoda mtima umathamanga. Kwanu ku Zomba akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu 1946. Mtsinje umene ukukutonthozani lerowu mu January udzakhala wofiira ndi waukali. Mphamvu imene mukupezayo ikuchokera pa zinthu wamba: malo opanda okuyang'anani, ntchito ya manja, zamoyo zimene zikudalira inu, ndi chikumbutso cha bambo chimene mungachiyandikire ndi kuchisiya mmene mwafunira.

Ndikuchenjezeniso kuti dimba ndi munda womwewo zidzakulasani posachedwa. Bambo anapita nthawi ya mwera, mutakolola kale. Simunaonebe dzinja popanda iwo. Mvula yoyamba ikadzagwa, fungo la dothi lija likadzakwera, ngumbi zikuuluka madzulo, thupi lanu lidzakumbukira zaka 34 za kudzuka limodzi mbandakucha, wina kukumba mapando wina kuponya mbewu. Anamfedwa ambiri a kumudzi amene ndacheza nawo amati tsiku lobzala linawapweteka kuposa Khirisimasi. Mango aja akadzapsa mudzafuna kuwasungira oyamba. Zikadzachitika musadzaganize kuti mwabwerera mmbuyo kapena kuti malo aja asiya kugwira ntchito. Chaka choyamba nyengo iliyonse imabwera ndi maliro akeake. Konzekeranitu. Pemphani mchemwali wanu kapena mdzukulu wamkulu kuti tsiku loyamba kubzala mudzakhale awiri. Ndipo musadzikakamize kulima munda wonse umene munkalima ndi bambo. Chigawo chimene mungathe chikwanira chaka chino, chotsalacho mukhoza kubzalamo nandolo kapena kubwereketsa wachibale wodalirika.

Nanga mungadziwe bwanji ngati kudimba kwasanduka kobisala? Dziyang'aneni pobwerera. Ngati mumafika pakhomo mtima utapepukako, n'kusonkha moto, kudya, kuyankha moni wa aneba, ndiye kuti dimba likukubwezerani kwa anthu muli ndi mphamvu. Koma ngati mwayamba kukhalako mpaka mdima kuti musakumane ndi munthu, kuchoka osadya n'kubwera osadya, zovala zikukhwepa, kutchalitchi ndi kumaliro a ena munasiya, pamenepo ndiye kuti pakufunika thandizo lina. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limazindikira chisoni chokhalitsa ngati vuto lofunika chithandizo, pamene papita miyezi yosachepera 6 munthu akulakalakabe malemu mwakuti akulephera kuyendetsa moyo wake, kupitirira mmene anthu a chikhalidwe chake amayembekezera. Inu miyezi imeneyo simunaikwanitse n'komwe, ndipo kalendala payokha siweruza. Chimene timayang'ana ndi ngati munthu akutha kudzisamala.

Funso lina ndikufunsani mosabisa, chifukwa mumakhala nokha pafupi ndi madzi. Kodi anakufikiranipo maganizo oti bola kungowatsatira? Anamfedwa ambiri amanena kuti ndikanakonda nditangogona osadzuka, ndipo mawu amenewo kawirikawiri amatanthauza kutopa. Koma ngati maganizowo afika poganizira njira, kaya mtsinjewo, kaya mankhwala a mbewu amene ali m'nyumba, uzani munthu tsiku lomwelo, mankhwalawo apatseni ena akusungireni, ndipo kudimba muzipita ndi wina. Kuchipatala chaching'ono cha kwanuko akhoza kukuthandizani kapena kukutumizani ku Zomba Central Hospital, ndipo mumzinda womwewo muli Zomba Mental Hospital. Anthu amaopa dzinalo, koma kumapitanso anthu amene akungosowa tulo ndi mtendere, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God amene ali ndi aphungu.

Za anthu onong'ona, sindikuona chifukwa choti mukangane nawo. Ambiri akuda nkhawa, kungoti sadziwa kufunsa. Anthu amaopa chimene sakuchiona. Tsiku lina itanani mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya mnzanu wa ku Mvano, kaya mayi wina wamasiye wa m'mudzimo, mumuuze kuti tiyeni mukandithandize kuthirira. Akaona mabedi a ndiwo osamalidwa bwino, akabwerako ndi mpiru m'manja, nkhani ya misala idzafera pomwepo. Mudzaonanso kuti kucheza mutayang'ana mbewu n'kosavuta kusiyana ndi kucheza mutayang'anizana pamkeka. Mawu amatuluka okha, ndipo mukakhala chete palibe amachita manyazi. Koma musapereke masiku onse. Masiku ena ndi anu ndi bambo.

Ana anu akukukondani, ndipo ali ndi mantha. Ataya bambo, akuopa kutayanso mayi, ndipo ali kutali moti chimene amamva ndi mafoni a achibale okha. Cholakwika chili pa mawu oti muiwale. Simudzaiwala, ndipo simukufunika kuiwala. Malangizo amene timapereka kwa anamfedwa ndi oti chaka choyamba asapange chiganizo chachikulu chovuta kubweza, monga kugulitsa malo, kugawa ziweto zonse kapena kusamukiratu, pokhapokha ngati pali ngozi kapena matenda. Ndaonapo amayi amene anatengedwa kumudzi mwachikondi n'kukaikidwa m'nyumba ya mpanda m'tauni. Ana amapita kuntchito m'mawa, zidzukulu kusukulu, iwo n'kutsala ndi TV ndi geti lokhoma. Kumudzi anali ndi khasu, nkhuku, anzawo a kuchigayo ndi dzina. M'tauni anasanduka agogo a m'chipinda chakumapeto. Ena amazolowera ndithu, makamaka ngati anapita mwa kufuna kwawo ndipo pali mdzukulu wakhanda wowatanganitsa. Koma kuchotsa munthu pamalo okhawo amene akupezapo mpweya, mwezi wachisanu wa maliro, ine sindingavomereze.

Palinso nkhani ya malo. Ngati muli kwanu, monga zimakhalira m'midzi yambiri ya chikamwini ku Zomba, dimba losiyidwa chaka chathunthu limapeza mwini wina pakati pa abale omwe. Ngati muli kwa amuna, dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Kulikonse kumene muli, musachoke musanakhale pansi ndi ankhoswe ndi amfumu kuti zidziwike kuti munda ndi dimba zili m'manja mwa yani.

Ine ndikanati muwayankhe anawo motere: sindikukana kubwera, ndibwera kudzacheza milungu iwiri kapena itatu ndikamaliza kupalira, ndipo za kusamuka tidzakambirana chaka chikatha. Apatseni nambala ya munthu wapafupi amene angamamuimbire, ndipo mugwirizane tsiku la mlungu loti muziyankhulana, kuti asamadalire mphekesera. Mukadzapita ku Lilongwe, musadzangokhala m'nyumba. Pemphani kabedi kuseri kwa nyumba mubzalemo ndiwo, ndipo Loweruka lina akakutengereni kunkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre, pakati penipeni pa mzinda. Mudzadziyesa nokha ngati mtima ungakhazikike kutali ndi kwanu.

Koma iwo ayambe ndiwo kubwera. Mango akupsa mu December, nthawi imene ambiri amapeza tchuthi. Atengeni m'mawa, zidzukulu zomwe, mupite nawo kudimba. Aonetseni pamene mumakhala. Auzeni chaka chimene bambo awo anabzala mitengoyo, kumene anatenga mbewu yake, ndi mmene ankaitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. N'kutheka kuti iwonso sanapeze polirira. Ambiri amene amathamanga ndi za bokosi, galimoto ndi chakudya cha anthu pamaliro amabwerera kuntchito Lolemba maso ali ouma. Musadzadabwe mwana wanu wamwamuna akadzati mayi tsogolani, ine nditsala pang'ono.